Mbiri ya moyo wanga, gawo 19: Kulembera madokotala a ku America uli pa Mangochi

Gawo lapitali linathera pa imelo yondiuza kuti ndapambana mayeso, ndiyambe Lolemba. M'gawo lino za ine ndichepetsa. Aliyense amene wamva kuti ndinkagwirira ntchito zipatala za ku America ndili m'nyumba ya lendi pa Mangochi boma amathamangira funso limodzi, lakuti ankakupatsani zingati. Funso limeneli silingayankhike munthu asanadziwe mmene ndalamayo imawerengedwera, ndiponso mmene imathawira. Ndiye tiyambe taona ntchitoyo.

Dzina lake ndi medical transcription. Dokotala wa kumeneko akamaliza kuona wodwala salemba m'kabuku ngati mmene amachitira kuchipatala kwathu kuno. Amalankhula pa foni kapena pa kachipangizo kojambulira mawu: wodwala ndi uje, wabwera ndi chakuti, ndapeza zakuti, ndamupatsa mankhwala akuti. Mawuwo amakakhala pa seva ya kampani, iwe n'kuwamvetsera ndi kuwalemba kukhala lipoti lomwe dokotalayo asaine, lilowe mu fayilo ya wodwala. Sumasulira, sufupikitsa, suwonjezera nzeru zako. Umalemba zomwe wanena, motsata ndondomeko yomwe chipatalacho chinasankha. Chipatala chilichonse amachitcha akaunti, ndipo akaunti iliyonse ili ndi pepala lake la malamulo. Ina imafuna liwu ndi liwu ngakhale galamala ya dokotala ili yopunduka, ina imalola kuwongola pang'ono. Kusakaniza malamulo a maakaunti awiri ndi kulakwa komwe anthu atsopano amayamba nako.

Malipoti ali m'mitundu. SOAP note ndi lalifupi, la wodwala wongobwera n'kubwerera: zomwe wadandaula, zomwe dokotala wapeza, matenda omwe akuganizira, ndi chochita. History and Physical ndi la wodwala amene akugonekedwa, lalitali, lofotokoza thupi lonse kuyambira kumutu. Operative report ndi la opaleshoni, lodzaza ndi mayina a zipangizo ndi ulusi wosokera. Dokotala akati "three-oh Vicryl" iwe umalemba 3-0 Vicryl, ndipo ngati sunaphunzire zimenezi khutu lokha silingakuuze. Discharge summary ndi lotulutsira wodwala. Limaoneka losavuta, koma ndi lomwe ndimaliopa kuposa onse, chifukwa muli mndandanda wa mankhwala omwe munthu akamwe kunyumba.

Chipatala sichikudziwa iwe. Chinapereka ntchito ku kampani ya ku America, kampaniyo n'kupatsira ina, kawirikawiri ya ku India kapena ku Philippines, ndipo ife a kuno timalowa kumapeto kwa mzerawo. Aliyense wa pakati amadyapo. Zipatala zina zimakaniratu kuti mafayilo awo atuluke m'dzikomo, choncho maakaunti ofika kwa ife ndi owerengeka, ndipo si onona.

Malipiro sawerengedwa pa ola. Amawerengedwa pa mzere, ndipo mzere wake si umene maso akuona pa sikirini. Mzere ndi zilembo 65. Pulogalamu imaphatikiza zilembo zonse za mu lipoti n'kugawa ndi 65. Musanasaine kontrakiti funsani ngati masipesi a pakati pa mawu amawawerengera. Makampani ena amawerengera, ena amangowerenga zilembo zooneka. Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa m'Chingerezi pa zilembo 6 kapena 7 zilizonse chimodzi chimakhala sipesi, ndiye kuti gawo lotere la malipiro lapita, zala zitagwira ntchito yomweyo. Funsaninso za mitu ya lipoti ndi ziganizo zomwe zimakhala kale mu template (chikombole cha lipoti chokonzedweratu), ngati zimalowa m'chiwerengero.

Mlingo womwe makampani ambiri amayembekezera kwa munthu wozolowera ndi mizere 1,000 kapena kupitirira pa shifiti ya maola 8. Zimenezo ndi zilembo 65,000, mizere 125 pa ola, osapumira. Mphindi imodzi ya mawu a dokotala imadya mphindi 3 kapena 4 kwa katswiri. Woyamba kumene akhoza kuthera mphindi 10 pa mphindi imodzi yomweyo. Tiyerekeze kuti akulipira masenti 4 pa mzere. Mizere 1,000 ndi madola 40. Mizere 400 ndi madola 16, ndipo onse awiri akhala pa mpando usiku wonse. Miyezi yoyambirira mumakhala pa 400 pamenepo, ndipo amene anakuuzani kuti ntchitoyi ndi ya ndalama zamsanga anakunamizani.

Liwiro lokha silokwanira. Mlingo wa kulondola ndi 98 peresenti. Pali anthu otchedwa a QA omwe amamvetseranso mawu a dokotala akuwerenga lipoti lako. Ukakhala watsopano lipoti lililonse limadutsa kwa iwo. Akakhutira amakumasula, n'kumangotolapo ochepa mwadzidzidzi. Zolakwa amaziika m'magulu. Chizindikiro cha koma (,) chosowa kapena chilembo chachikulu pamalo olakwika n'zazing'ono. Sipelo yolakwika ya liwu la zachipatala imadula mamalikisi ochulukirapo. Ndiye pali zomwe amati critical error: mlingo wa mankhwala, dzina la mankhwala, kumanzere m'malo mwa kumanja, lipoti la wodwala uyu kuliika pa dzina la wina, kapena kutaya liwu lakuti "no". Chimodzi chokha mwa zimenezi chimagwetsa lipoti lonse, ngakhale zina zonse zili bwino, ndipo zikabwerezeka amakubwezera pansi pa QA kapena kukuchotsa pa akauntiyo.

Nkhanza zimenezi zili ndi chifukwa. Mu 2012 khoti lina m'chigawo cha Alabama linagamula kuti banja la mayi wina lipatsidwe madola 140 miliyoni. Dokotala wake anatchula mayunitsi 8 a insulin, koma lipoti lomutulutsira m'chipatala, lomwe linalembedwa ku India, linati 80. Mayiyo anabayidwa mlingo wolembedwawo ndipo anamwalira. Ziro mmodzi. Aliyense wophunzitsa ntchitoyi amaidziwa nkhani imeneyi.

Tsopano tiyandikire pomwe khutu limanama. Fifteen ndi fifty, dokotala akulankhula mothamanga ali m'khonde la chipatala, zimamveka chimodzimodzi. Kubwereza kakhumi sikuthandiza, chifukwa ukamvetsera kwambiri ubongo umayamba kumva chomwe ukufuna. Chothandiza ndi kudziwa mankhwalawo. Akati meloxicam, mapiritsi ake ndi a 7.5 mg ndi 15 mg, choncho ndi 15. Akati sertraline, mapiritsi ake ndi a 25, 50 ndi 100 mg, choncho ndi 50. Koma akati insulin, 15 n'zotheka, 50 n'zothekanso, kutengera wodwala. Pamenepo palibe chosankha. Umasiya mpata n'kuika chizindikiro kuti dokotala aonenso.

Mayina ofanana ndi ambirimbiri. Hydroxyzine ndi wa kuyabwa ndi nkhawa, hydralazine ndi wa BP. Celebrex ndi wa kuphwanya kwa mafupa, Celexa ndi wa matenda ovutika maganizo. Lamictal ndi wa khunyu, Lamisil ndi wa zipere. Ileum ndi chigawo cha matumbo, ilium ndi fupa la m'chiuno. Dysphagia ndi kulephera kumeza, dysphasia ndi vuto la kulankhula. Hypo (kuchepa) ndi hyper (kuchuluka) zimasiyana ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma pakamwa pa dokotala wotopa n'kaphokoso kamodzi. Mankhwala aliwonse uziwafananiza ndi matenda a wodwalayo. Munthu wobwera ndi bowa wa m'zikhadabo sangapatsidwe mankhwala a khunyu popanda chifukwa.

Pali msampha wina wa ife tokha, womwe buku lililonse lophunzitsira ntchitoyi silitchula, chifukwa analembera anthu ena. M'Chichewa l ndi r ndi mawu amodzi, tikhoza kuwasinthanitsa tanthauzo osasintha. Chala chikalemba "cravicle" kompyuta imadula mzere wofiira, n'kuwongola. Koma chikalemba "lash" pomwe dokotala anati "rash", kapena "river" m'malo mwa "liver", kapena "heart late", kompyuta imangokhala chete poti onsewo ndi mawu enieni a Chingerezi. Lembani mndandanda wa mawu oterewa, muumate pakhoma, ndipo musanatumize lipoti muwasake limodzilimodzi ndi Ctrl ndi F. Masekondi 20 okha.

Chingerezi chomwe tinaphunzira kusukulu n'cha ku Britain, cha ntchitoyi n'cha ku America. Anaemia ndi anemia, oedema ndi edema. Panado wathu uja, paracetamol, kumeneko ndi acetaminophen kapena Tylenol. Salbutamol wa mphumu ndi albuterol, adrenaline ndi epinephrine. Shuga amayeza mu mg/dL, choncho 126 yawo ndi 7 yathu ya mmol/L, musadabwe n'kuganiza kuti mwamva molakwika. Kutentha kwa thupi kwabwino ndi 98.6 pa muyezo wa Fahrenheit, kulemera ndi mapaundi. Deti limayamba ndi mwezi: 03/04 ndi 4 Malichi, osati 3 Epulo. Kutembenuza deti ndi kulakwa kosaoneka m'maso mwathu, chifukwa kwa ife kumaoneka kolondola. Palinso zidule zomwe bungwe loyendera zipatala za ku America la Joint Commission linaletsa kuyambira 2004. U m'malo mwa units saloledwa poti amaoneka ngati ziro. QD amalembedwa daily. Sulemba 5.0 mg, chifukwa kadontho kakapanda kuoneka n'kukhala 50, ndipo sulemba .5 mg koma 0.5 mg.

Lamulo lalikulu kuposa onse ndi lakuti osalosera. Liwu likakukanika, njira yake ndi iyi. Limvetsere pa liwiro lake, kenako uchepetse liwiro pang'ono, osati kwambiri poti mawu amasungunuka. Likakanikabe, pitirira mpaka kumapeto, chifukwa madokotala amakonda kubwereza dzina la matenda kapena la mankhwala pofotokoza chochita. Ngati akaunti imalola, tsegula malipoti akale a wodwala yemweyo. Kenako saka m'mabuku a mankhwala. Zonsezi zikalephera, siya mpata, ulembe mphindi ndi sekondi pomwe liwulo lili, kuti wa QA asavutike kulipeza. Dokotala akayamba ndi bondo lamanzere n'kumaliza ndi lamanja, si iwe wosankha bondo. Lemba monga wanenera, uike chizindikiro.

Apa ndi pomwe ntchitoyi imadzitsutsa yokha, ndipo ndimaona kuti amene akuiganizira ayenera kumva zimenezi poyera. Mphindi 10 zomwe wathera kusaka dzina la mankhwala palibe akulipira, chifukwa sizinabale mzere. Mipata ikachuluka lipoti limapita kwa a QA, ndipo makampani ena amadula mtengo wa lipoti lotero. Choncho thumba likukuuza kuti lemba chomwe chikumveka ngati ndicho, upite patsogolo. Kontrakiti ikukuuza kuti ukalosera molakwika wachotsedwa. Kampani imafuna chisamaliro koma imagula liwiro. Amene amakhalitsa pa ntchitoyi ndi amene avomereza kutaya ndalama pang'ono usiku uliwonse, n'kumalemba m'kope liwu lililonse lomwe lawavutitsa pansi pa dzina la dokotala wake, kuti mawa lisawadyerenso nthawi. Dokotala aliyense ali ndi ziganizo zake zomwe amabwereza. Ukamudziwa, liwiro limabwera lokha.

Sungasankhe dokotala. Fayilo yomwe yagwa ndi yako, ndipo kubweza zovuta kuti utole zophweka amakuona pa pulogalamu, n'kukuchenjeza. Alipo olankhula akutafuna, ena akuyendetsa galimoto, ena amayasamula pakati pa dzina la mankhwala osabwereza. Alipo obadwira ku India, ku Nigeria, ku mayiko olankhula Chisipanishi, aliyense ndi katchulidwe kake. Mwezi wa Julayi ngwovuta mwapadera pa maakaunti a zipatala zophunzitsira, chifukwa madokotala ongomaliza sukulu amayamba ntchito pa 1 Julayi, ndipo amalankhula zazitali, akubwerera m'mbuyo, akuti fufutani ichi, bwezerani icho pamwamba paja.

Za nthawi. Malawi ili patsogolo pa New York ndi maola 7, koma kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala iwo amasuntha wotchi, kusiyana n'kukhala maola 6. Ife sitisuntha, ndiye shifiti yanu imadzisunthira yokha kawiri pa chaka, ndipo palibe amene adzakukumbutseni. Kiliniki ya ku New York ikamatseka 5 koloko madzulo, kuno ndi 11 koloko usiku kapena pakati pa usiku. Ya ku California ikamatseka, kuno ndi 2 kapena 3 koloko m'bandakucha. Madokotala ambiri amajambula akamaliza odwala, choncho mafayilo amasefukira anthu a Mangochi atagona. Malipoti wamba amafunika abwerere pasanathe maola 24, olembedwa STAT, kutanthauza achangu, pasanathe ola limodzi kapena awiri. Shifiti imatha asodzi akubwerera kumtunda, azana ya m'mawa ikumveka ku mizikiti.

Masiku opumula ndi awo. Pa 4 Julayi ndi pa Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la Novembala, mafayilo amauma, ndipo kopanda mzere kulibe malipiro. Pa 6 Julayi, pa Idi, pa tsiku la anakubala, ntchito ili m'malo. Palinso usiku wina womwe umalowa pa nthawi yake n'kupeza uthenga wakuti palibe ntchito. Ukuyenera kudikira pa mpando maola omwe unalonjeza, mwina fayilo igwa, mwina ayi. Maliro akagwa, uthenga uzipita msanga kwa woyang'anira kuti apeze wogwirizira. Sadziwa kuti kwathu kuno maliro amatenga masiku angati, ndipo muwauze chiwerengero cha masiku, osati "ndibwera zikatha". Adzakuitanani ndi dzina lanu loyamba lopanda "a" patsogolo, ngakhale ali mwana wobadwa dzulo. Si mwano, ndi mmene amachitira.

Zipangizo si zambiri, koma chilichonse chili ndi ntchito. Laputopu ya Windows, chifukwa mapulogalamu ambiri a makampaniwa amafuna imeneyo. Kiyibodi yapadera ya USB, poti ya laputopu imatopetsa manja ndipo siichedwa kutha. Mahedifoni a waya, osati a Bluetooth, omwe amachedwetsa mawu ndi kutha moto pakati pa lipoti. Ndiye chopondera, chofanana ndi cha makina osokera koma cha mabatani atatu: pakati kuseweretsa mawu, mbali ina kubwerera m'mbuyo, ina kupita patsogolo. Chodziwika kwambiri ndi cha Infinity, ndipo pophunzira chimagwira ndi pulogalamu ya Express Scribe. Popanda chopondera manja amachoka pa kiyibodi kambirimbiri pa ola, ndipo mizere 125 simudzaiona. M'masitolo a pa boma musachiyembekezere, konzani zoitanitsa nthawi ikadalipo. Mu pulogalamu ikani kuti mukachotsa phazi mawu azibwerera sekondi imodzi kapena ziwiri, kuti liwu lodukira pakati lisatayike.

Chida china ndi text expander, pulogalamu yomwe ukalemba zilembo zochepa imatambasula chiganizo chonse. Ukalemba "nad" imatulutsa "no acute distress". Imeneyi ndi yomwe imakweza mizere ya akatswiri. Ngozi yake ndi yakuti chala chikaphonya, chiganizo china chathunthu, cha sipelo yabwinobwino, chimalowa mu lipoti la munthu, ndipo maso otopa sachigwira.

Magetsi ndi nkhani yomwe kampani siimva. Kuzima kwa magetsi kwa iwo si chifukwa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo amene analibe njira ina anasiya ntchito zoterezi. Njira inayo ndi batire ndi inveta, ndipo masamu ake ndi awa. Laputopu, MiFi, babu limodzi la LED ndi kafani kakang'ono zimadya mawati pafupifupi 60. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200 Wh pa pepala, koma la mtovu ukalitsitsa kupitirira theka silikhalitsa, ndiye zako zenizeni ndi 600 Wh. Chotsanipo zomwe inveta imadya yokha, mwatsala ndi maola 8 opanda chotsalira. Shifiti imodzi ndendende. Mukalumikizapo TV kapena ana akatchajapo mafoni masana, 3 koloko usiku inveta iyamba kulira. Batire la galimoto musayese, silinapangidwire kutsitsidwa chonchi, pakatha miyezi yochepa lafa. Panelo ya sola ya mawati 200 imalidzaza bwino pa dzuwa la Mangochi, koma m'nyengo ya mvula ikhoza kuperewera, ndipo fumbi la m'chilimwe likakhala pa galasi mphamvu imatsika, muzipukuta. Inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimalowetsa kaphokoso kong'ung'udza m'mahedifoni, ndipo kaphokoso kameneko ndi komwe kamameza kusiyana kwa fifteen ndi fifty.

Intaneti siifunika yothamanga kwambiri, mafayilo a mawu ndi aang'ono. Chofunika ndi yosaduka. Makampani ambiri amafuna ulowe kudzera pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira kompyuta yako ndi yawo, n'kugwira ntchito pa kompyuta yawo ya kutali, ndipo netiweki ikangophethira, VPN imagwa, lipoti lomwe unali utalemba theka likhoza kubwerera pa mndandanda wa mafayilo odikira n'kutengedwa ndi wina. Mizere imeneyo yapita. Khalani ndi ma SIM a makampani awiri osiyana, onse ali ndi bandulo, ndipo yesani usiku, m'chipinda chomwe muzigwiriramo ntchito, osati masana pabwalo. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma mtengo wake ndi magetsi omwe imadya muziwerengere pa masamu a batire aja.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumadziwika ndi aliyense wa kuno. Kutseka mawindo kuti phokoso lisalowe, chipinda chimasanduka uvuni ndipo laputopu imayamba kuchedwa. Kutsegula, udzudzu ndi tizilombo ta kunyanja timathamangira kuwala kwa sikirini. Mankhwala ake ndi gozi wa pa windo, laputopu kuikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndi fani kuiloza kumiyendo osati kumutu, chifukwa mphepo yake imamveka m'makutu. Mahedifoni olowa m'kati mwa khutu ndi thukuta la maola 8 zimabala zilonda, muziwapukuta ndi sipiriti. Tebulo kalipentala alidule kuti zigongono zizikhala mopingasa, apo ayi dzanzi la m'zala likupezani chaka chisanathe.

Chinsinsi ndi gawo lomwe limawombana ndi makhalidwe athu. Lamulo la ku America la HIPAA, la 1996, limateteza mbiri ya wodwala, ndipo kontrakiti yanu imakumangani nalo ngakhale muli ku Mpondasi. Mu 2003 mayi wina wa ku Pakistan, wolemba malipoti ngati ife, amene sanalipidwe ndi munthu wa pakati, anaopseza chipatala cha University of California ku San Francisco kuti aika mafayilo a odwala pa intaneti. Nkhani imeneyo inachititsa kuti ntchito yotumizidwa kunja aziyang'ana ndi diso lokayikira, ndipo ife timalipira nawo. Palibe kusindikiza, palibe kukopera pa flash, palibe kujambula sikirini ndi foni. Kompyuta ya ntchito si yoti mwana aonerepo makatuni. Simungatumize kachidutswa ka mawu pa WhatsApp kwa mnzanu wogwira ntchito kuchipatala kuti akuthandizeni kumva, ngakhale dzina la wodwala mulibemo. Chipinda chikhale cha chitseko, sikirini isayang'ane khomo. Mlendo akati odi, choyamba ndi kutseka sikirini, kuyankha pambuyo. Achibale ena amaona ngati mukubisa zinazake kapena mwayamba kudzikweza, ndipo ndi bwino kuwafotokozera tsiku loyamba kuti ndi lamulo la ntchito, lofanana ndi la namwino amene saulula matenda a munthu. Nafenso tsopano tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2024.

Vuto lina la pakhomo ndi tulo. Munthu wogona 10 koloko m'mawa amaoneka waulesi, ndipo poti uli pakhomo, aliyense amaona kuti ndiwe woyenera kutumidwa kuchigayo.

Ntchito yolemba kuchokera pachiyambi ikuchepa. Zipatala zambiri tsopano zimadutsitsa mawu a dokotala mu pulogalamu yozindikira mawu, monga Dragon ya kampani ya Nuance, yomwe Microsoft inagula mu 2022. Kwa iwe kumafika lipoti lolembedwa kale, ntchito yako n'kumvetsera ukukonza. Mtengo wa mzere wokonza umakhala pafupifupi theka la wolemba, poganiza kuti uzithamanga kawiri. Kwa dokotala wolankhula bwino zimatheka. Kwa wotafuna uja umafufuta pafupifupi zonse n'kulembanso, pa theka la mtengo. Zolakwa za makina n'zoopsa mwa mtundu wina, chifukwa sizioneka ngati zolakwa. Makina salakwitsa sipelo. Amangotaya "no" mu "no history of diabetes", chiganizo n'kukhala chosalala, munthu wopanda shuga n'kukhala wa shuga. Maso akamathamangira patsogolo pa khutu, ubongo umamva zomwe zalembedwa osati zomwe zanenedwa. Cholozera cha pa sikirini chizikhala pa liwu lomwe likumveka, osati patsogolo pake.

Pomaliza, pepala lomwe mumasaina. Silikutchani wantchito koma independent contractor. Tanthauzo lake: palibe tchuthi cholipidwa, palibe malipiro mukadwala malungo, palibe penshoni ija yomwe olemba ntchito a m'dziko muno amaikapo 10 peresenti wantchito n'kuikapo 5. Msonkho ndi udindo wanu, mukatenge TPIN ku MRA. Akhoza kukuchotsani pa akaunti ndi imelo imodzi chipatala chikasintha kampani, inu musanalakwe kanthu. Ndalama zimabwera kamodzi kapena kawiri pa mwezi, ndipo zikadzera ku banki, mabanki a pakati amadulapo chindapusa chomwe sichiona kuti ndalamayo ndi yochepa, choncho kutumiza kamodzi kuli bwino kuposa kawiri. Muzisunga chiwerengero chanu cha mizere tsiku lililonse, chifukwa chikasiyana ndi chawo umboni ndi umenewo. Kulipidwa m'madola kunathandiza pamene kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma batire, inveta ndi chopondera nazo zimatsata dola yomweyo.

Kampani yeniyeni imakuyesani ndi mafayilo angapo, imakusainitsani za chinsinsi, ndipo siikupemphani ndalama. Amene akuti tumizani kaye ya kalembera pa foni, kapena gulani maphunziro athu ntchito ikudikira, mutsekereni foni.

Gawo likubwerali ndibwerera ku nkhani yanga, kuyambira pa lipoti loyamba lomwe a QA anandibwezera lili ndi malo 14 ofiira.